MWINI NKHALANGO AMAONA CHIYANI AKAYANG'ANA MITENGO YAKE?



Nkhani imene tapatsidwa kuti tikambe lero ndi ya nkhalango zimene zili ndi eni ake. Sitikunena nkhalango za boma monga Dzalanyama, Zomba kapena Chikangawa, ndiponso sitikunena nkhalango za m'midzi zimene zili m'manja mwa mafumu ndi makomiti. Tikunena mitengo imene munthu kapena kampani ingathe kuloza ndi chala n'kunena kuti iyi ndi yanga: bulugamu wa m'maesiteti a tiyi, mitengo ya m'maesiteti a fodya, paini amene anthu a m'tauni ayamba kubzala kumidzi kuno, ngakhalenso kamunda ka mitengo kamene ena mwa inu muli nako kuseri kwa nyumba.

Mwina wina afunsa kuti nanga bungwe la alimi likulowereranji nkhani ya mitengo ya eni. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinali ndi magetsi, ndipo mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. M'maboma ambiri, makamaka kum'mwera, tchire lija linali la aliyense linatha kalekale. Mitengo imene yatsala yambiri ili kuseri kwa waya kapena ili ndi mlonda. Ndiye kuti maganizo a mwini mitengoyo ndi amene akulamula ngati mayi wa m'mudzi woyandikana nawo aphike nyemba lero kapena ayi, ngati nyumba ifoleredwe mvula isanagwe, ngati kasupe apitirire kutumphuka mu Okotobala. N'chifukwa chake tiyenera kuwadziwa bwino maganizo amenewo tisanapite kukakambirana nawo.

Tiyambe ndi maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ife amene tinagwirapo ntchito ya ulangizi takhalapo nawo pansi akuluakulu a m'maesiteti kangapo konse, ndipo sikuti onse ndi ouma mtima ayi. Koma bulugamu amamuona ndi diso la fakitale. Tiyi akathyoledwa sachedwa kuonongeka, ayenera kufota ndi kuumitsidwa msanga, ndipo moto woumitsira umachokera ku nkhuni. Bulugamu kwa iwo ali ngati dizilo kwa mwini chigayo. Amadziwa kuti munda uwu anabzala chaka chakuti, adzadula chaka chakuti, mphukira zidzakhwima liti, ndipo mudzatuluka nkhuni zochuluka bwanji. Zonsezi zili m'mabuku awo.

Mukawafunsa kuti nanga anthu ozungulira amapindula chiyani, yankho sachedwa nalo. Amati timalemba anthu ntchito, tinamanga sukulu, tili ndi chipatala chimene ngakhale a m'midzi amabwera, tinakumba mjigo, timakhoma msonkho ku boma. Zambiri mwa zimenezi n'zoona, tisazikane. Koma tamvetserani bwino yankholo. Zonse akutchulazo ndi zinthu zimene kampani imagula ndi ndalama zake n'kupereka kunja kwa mpanda. Palibe n'chimodzi chomwe chimene nkhalangoyo payokha imapereka kwa munthu wolowamo ndi miyendo yake. Chinanso n'chakuti amazitcha thandizo, ndipo thandizo lilibe mlandu likasiya. Bwana amene alipo lero akhoza kulola amayi kutola nkhuni Loweruka lililonse. Akabwera wina mawa, chipata chatsekedwa, ndipo palibe pepala limene mfumu ingatulutse.

Ali ndi mfundo imodzi yolimba imene tiyenera kuimva mofatsa, chifukwa tikaithawa atigonjetsa nayo pa msonkhano uliwonse. Amati taonani phiri la Thyolo. Linali ndi nkhalango yowirira ya boma, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inagwetsedwa pafupifupi yonse n'kusanduka minda, moti timagawo ta nkhalango yachilengedwe timene tatsala kuderalo tambiri tili m'malire a maesiteti. Amatinso taonani phiri la Ndirande ku Blantyre, mmene linametedwera m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa zipani zambiri. Ndiye amamaliza n'kuti pamene pali mwini ndi mlonda mitengo ilipo, pamene panali pa aliyense patsala miyala. Izi anthu a ku Thyolo anaziona ndi maso awo, ndipo sitingawauze kuti akunama.

Chimene sanena n'chakuti anthu anakwera bwanji phiri ndi makasu. Munthu salima pamalo otsetsereka chotero chifukwa chokonda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, bwanamkubwa woyamba wa atsamunda, Harry Johnston, anapereka kwa azungu zikalata zowatsimikizira umwini wa malo aakulu a kumapiri a m'chigawo cha kum'mwera. M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe. Mawu amenewa sanatetezedwe kwenikweni, ndipo anthu amene anabwera pambuyo pake, monga Alomwe ochokera ku Mozambique, sanawerengedwemo n'komwe. Anakhala pamalopo polipira ndi thukuta lawo, ndiye thangata uja amene anali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915. Thangata anathetsedwa mu 1962, koma malire ambiri anakhala momwemo. Pofika 2018 boma la Thyolo linali ndi anthu oposa 700,000, la Mulanje oposa 680,000. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayenda kuyambira 2004 mpaka 2011, inathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza malo, ena mwa iwo kuchoka ku Thyolo ndi ku Mulanje kukakhala ku Machinga ndi ku Mangochi. Inathandiza ndithu, koma poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu osowa malo kunali kutunga nyanja ndi chikho. Tsono mayi wogwidwa ndi mtolo wa nkhuni m'malire a esiteti, mlonda amaona wakuba, pamene mayiyo akudziwa kuti agogo ake anagona m'manda amene ali mkati mwa mpanda womwewo.

Sitinabwere kudzatsegula nkhani yonse ya malo lero, imeneyo ili ndi tsiku lake. Tangoikhudza kuti mudziwe chifukwa chake mwini esiteti ndi mudzi akayang'ana mitengo imodzimodzi amaona zinthu zosiyana.

Nanga mudzi umaona chiyani? Apa tichedwepo pang'ono, chifukwa zinthu zimenezi sizinalembedwe m'buku la munthu aliyense, ndipo chinthu chosalembedwa pa zokambirana chimakhala ngati kulibe. Mudzi umaona nkhuni zouma zogwa zokha, ndi nthambi ndi nsonga zimene zimatsala akadula mitengo ikuluikulu. Umaona udzu wofolera, tsekera, nsungwi za nkhokwe ndi malichero, luzi, mphanda za chigafa, mipini ya makasu. Umaona bowa. Amayi muli pano mukudziwa kuti manyame, ndelema ndi chipindi amamera pamene pali mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku, chifukwa bowa ameneyu amakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo imeneyi; mukagwetsa mitengoyo n'kubzalapo bulugamu, ndiwo zapita, ngakhale malowo akuonekabe obiriwira kwa munthu wodutsa pa galimoto. Ndipo bowa amabwera nthawi yanji? Nthawi ya mvula, Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zili pululu ndipo mtengo wa chimanga wakwera. Masuku amapsa kutatsala pang'ono kuti nyengo yomweyo iyambe. Onjezani mphalabungu ndi matondo, uchi, mizu ndi makungwa a mankhwala a mwana wotsekula m'mimba usiku chipatala chili kutali. Onjezaninso kanjira kachidule kopita kusukulu, kuchigayo kapena kuchipatala, kamene kakatsekedwa mayi wodwala amazungulira maola awiri. Ndiye pali manda, pali dambwe, pali tsimba, malo amene alibe mtengo wake pa msika uliwonse.

Amene amadalira kwambiri zinthu zimenezi si mlimi wochita bwino. Ndi mayi wamasiye, agogo olera ana amasiye, banja limene munda wake sukwana ndi ekala imodzi yomwe. Kwa iwo lichero la bowa logulitsa m'mbali mwa msewu ndilo sopo, mchere ndi kope la mwana. Anthu amenewa sakhala nawo pa misonkhano imene bwana wa esiteti amaitana mafumu, ndipo nthawi zambiri ngakhale ife m'makalabu mwathu sitiwamva akulankhula.

Chodabwitsa n'chakuti zambiri mwa zinthuzi mwini nkhalango sazifuna. Bowa samulowetsa m'fakitale. Udzu amachita kulemba aganyu kuti autchetche poopa moto. Nthambi zotsala nthawi zina amangozitentha. Ndiye n'chifukwa chiyani amakaniza? Tikamacheza nawo pambali, amatchula mantha atatu. Amaopa moto, kuti wofula njuchi kapena wosaka mbewa asiya muuni. Amaopa kuti wolowa ndi chingwe lero alowa ndi nkhwangwa mawa, ndipo mkuja alowa ndi khasu. Koma mantha aakulu, amene satchulidwa pagulu, ndi akuti chinthu chimene walola kwa zaka zambiri chimasanduka ufulu, ndipo tsiku lina anthu adzachigwiritsa ntchito ngati umboni pa mlandu wa malo. N'chifukwa chake amakonda kupereka mwa chifundo, pakamwa pokha, popanda kusaina kalikonse.

Mantha a moto ndi enieni, koma mlonda sathetsa moto. Ku Chikangawa boma linabzala mahekitala pafupifupi 53,000 a mitengo, ndipo moto wakhala ukuononga gawo lalikulu chaka ndi chaka ngakhale kuli ogwira ntchito yolondera. Amene amazima moto usiku ndi anthu oyandikana nawo, ndipo amathamanga ndi masamba m'manja pokhapokha ngati m'nkhalangomo muli chawo chimene chikupsa. Munthu amene anapachika ming'oma khumi m'nkhalango ya esiteti safuna kuuzidwa kuti moto ndi woipa. Koma amene mkazi wake analandidwa chikwanje ndi kukhalitsidwa padzuwa pa geti tsiku lonse amangoima pakhonde n'kumaonerera utsi. Mfundo imeneyi ndi imene eni nkhalango amaimva msanga kuposa zonse, chifukwa imakhudza thumba lawo, ndipo tiziyamba nayo tikapita kukakambirana.

Za maesiteti a fodya a ku Kasungu, Mchinji, Dowa ndi kwina tingodutsa mwachangu. Amene anatenga malo a lizi anali ndi lamulo loti magawo 10 pa 100 alionse a malowo akhale a mitengo. Ambiri sanatsate, ndipo nkhuni zowotchera fodya ndi mitengo ya zigafa ankazitenga m'malo a mafumu. Apa ndiye zinthu zinatembenuka: mwini malo aakulu ndi amene ankadya mitengo ya mudzi. Amene anasunga mitengo yawo tiwayamikire, koma amene sanasunge asatiuze za kuononga kwa anthu a kumudzi.

Pali gulu lina latsopano limene likukula mwakachetechete. Awa ndi anzathu ogwira ntchito m'tauni, amalonda, ena ali kunja kwa dziko, amene akugula kapena kupempha malo kumudzi n'kubzalapo paini kapena bulugamu. Iwo mitengo amaiona ngati penshoni: ndibzale lero, ndidzacheke matabwa ndikapuma ntchito. Si maganizo oipa, ndipo dziko likufunadi mitengo, paja mu 2016 boma linalonjeza kubwezeretsa chilengedwe pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Vuto n'lakuti mwini wotereyu sakhala pamudzipo. Sadziwa kuti pakati pa malo akewo pamadutsa njira ya kudambo, sadziwa kuti chitsime cha mudzi chili m'munsi mwake. Amangotumiza ndalama pa foni kwa mnyamata womuyang'anira, ndipo lamulo limene amapereka ndi limodzi lokha, lakuti asalowe munthu. Esiteti ili ndi ofesi yoti mfumu ingapiteko kukadandaula. Uyu ngakhale nkhope yake ena sanaione.

Apa mafumu athu ndi makomiti a za malo mutchere khutu. Lamulo la malo a makolo la mu 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, limalola munthu kulembetsa malo ake, ndipo linakhazikitsa makomiti a za malo otsogozedwa ndi a gulupu, okhala ndi mamembala 6 osankhidwa, mwa iwo osachepera 3 amayi. Nthawi imene malo akuyezedwa ndi kulembedwa ndiyo nthawi yonena kuti apa pali njira ya anthu onse, apa pali kasupe, apa pali manda, apa m'pamene amayi amamweta udzu. Mukakhala chete tsiku limenelo, pepala likatuluka mudzavutika kwambiri kuti mawu anu amveke. Amayi amene muli m'makomiti amenewa, inu ndi amene mumadziwa kumene nkhuni ndi madzi zimachokera. Musalole kuti mungokhala odzaza mpando.

Tsopano tibwere kwa ife eni, chifukwa m'chipinda chino muli eni nkhalango ambiri kuposa mmene tikuganizira. Akuluakulu mukukumbukira nthawi imene munthu ankaopa kudula mbawa kapena mlombwa wa m'munda mwake momwe, poopa a zankhalango. Ndondomeko ya za nkhalango ya mu 1996 ndi lamulo la mu 1997 zinasintha zimenezo: munthu amene wabzala mtengo, kapena kusamalira womera wokha pamalo amene ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, mtengowo ndi wake ndipo akhoza kukolola. Chimenechi chinali chipambano chachikulu kwa mlimi wamng'ono, ndipo tisalole kuti chibwerere m'mbuyo. Lamulo linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, makamaka pa makala opanda chiphaso, choncho amene muli ndi mitengo yanu muzifunsa ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu za zikalata zofunika musananyamule katundu kupita naye kumsika.

Nanga mlimi wamng'ono amaiona bwanji mitengo yake? Ambiri tikawafunsa amati ndi banki. Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, adula mapolo makumi awiri. Kukagwa maliro, matabwa a bokosi ndi nkhuni za pasiwa zili pomwepo. Fodya akagwa mtengo ku okushoni, mitengo iwombola. Banki imeneyi ilibe chiwongola dzanja choti ubweze, siitha mphamvu kwacha ikagwa, ndipo mbuzi zikafa ndi matenda iyo imangokulabe. Pamenepa palibe chotsutsa, ndipo tikufuna membala aliyense akhale nayo.

Koma taonani zimene zimachitika ena akangokhala ndi mizere isanu ya bulugamu. Amabzala m'malire enieni, mthunzi ndi mizu n'kumadya chimanga cha mnansi, mizere itatu yoyambirira yachikasu chaka chilichonse. Ena amabzala m'mphepete mwenimweni mwa khwawa kapena pamutu pa kasupe chifukwa m'pamene amakula msanga, osalabadira kuti bulugamu amamwa madzi ambiri ndipo dimba la a kumunsi liyamba kuuma. Mwana wa mnansi akatola tinthambi touma, nkhani ifika kwa nyakwawa. Mawu amene amatuluka pakamwa pawo ndi omwe aja timadana nawo akatuluka pakamwa pa bwana wa esiteti: ndinabzala ndekha, ndi zanga. Ngati bungwe lathu likufuna kukaima pamaso pa makampani n'kunena kuti mitengo ili ndi ntchito kwa mudzi wonse, makalabu athu ayambe agwirizana okha za mtunda wosiya kuchokera m'malire ndi kumtsinje, ndi za mitengo yoyenera malo otero. M'munda muli nsangu ndi gilisidiya zimene zimawonjezera chonde. M'mbali mwa madzi muli mkuyu, katope ndi mbawa zimene makolo ankazisiya dala.

Ndipo m'banja momwemo umwini wa mitengo si wofanana. Kumene kuli chikamwini, abambo ambiri amazengereza kubzala mitengo yokhalitsa poganiza kuti banja likatha adzaisiya kwa eni mudzi. Kumene kuli chitengwa kapena malowolo, mayi amathirira mbande ndi kupalira zaka zisanu, koma tsiku logulitsa mapolo ndalama saziona, ndipo bambo akamwalira achibale amayamba kuwerenga mitengo maliro asanathe. Timanena kuti mlimi wamng'ono ndi mwini mitengo, koma m'nyumbamo mwini ndani? Funso limeneli lipite ku makalabu, likakambidwe amayi ali pomwepo.

Ena amati zoti munthu akhale mwini nkhalango koma anthu ena n'kumalowamo n'zosatheka, umwini ndi mpanda basi. Tikuuzeni za dziko la Sweden, ku Ulaya, limene chuma chake chimadalira kwambiri mitengo. Kumeneko pafupifupi theka la nkhalango zonse lili m'manja mwa anthu wamba ndi mabanja, anthu pafupifupi 300,000. Komabe munthu aliyense ali ndi ufulu woyenda m'nkhalango ya mwini, kuthyola zipatso zam'tchire ndi kuzula bowa, malinga asadule mtengo, asaononge mbewu, ndipo asayandikire nyumba ya mwiniyo. Ufulu umenewu ndi mwambo wawo wakalekale, ndipo mu 1994 unalowa m'malamulo aakulu a dzikolo. Eni nkhalango kumeneko nawonso amadandaula, makamaka makampani akamabweretsa anthu ambiri kudzathyola zipatso zamalonda, koma mitengo yawo sinathe chifukwa cha ozula bowa. Chinanso choti titengepo: eni nkhalango ang'onoang'ono anapanga mabungwe awo. Limodzi mwa iwo, Södra, linayamba mu 1938, lili ndi mamembala pafupifupi 50,000 ndipo lili ndi mafakitale akeake ocheka matabwa. Kwathu kuno mlimi amagulitsa mtengo wa zaka khumi uli chiimire kwa vendala pamtengo wa nkhuku, chifukwa amagulitsa yekhayekha ndiponso ali pa mavuto. Sweden ndi dziko lolemera, la anthu ochepa pamalo aakulu, ndipo anthu ake sadalira nkhuni zotola kuti adye, choncho sitingakope zonse. Tangofuna muone kuti umwini ndi kulola anthu kulowa zikhoza kukhalira limodzi ngati malire a zololedwa ali omveka kwa onse.

Ndipotu sitifunika kupita kutali. Cha m'ma 1990 boma linayamba kulola anthu ozungulira nkhalango ya zinyama ya Kasungu kupachika ming'oma ndi kutola matondo m'nyengo yake. Mu 1996 kunayamba kuyesedwa ndondomeko yoti boma ndi midzi aziyang'anira limodzi nkhalango za Chimaliro ndi Liwonde, anthu n'kumatenga nkhuni zouma, udzu ndi zina motsata mgwirizano. Sizinayende bwino paliponse. Kwina makomiti anasanduka a anthu ochepa odyerapo. Koma ngati boma, limene kale linkagwira aliyense wopezeka m'nkhalango, linafika posaina mapepala ndi midzi, kampani ingakanike bwanji?

Chimene tikupempha tsono ndi mgwirizano wolembedwa pakati pa mwini nkhalango wamkulu aliyense ndi midzi yomuzungulira. Ulembedwe m'Chichewa kapena chiyankhulo cha deralo, osati m'Chingerezi chokha. Unene masiku otola nkhuni zouma, miyezi yomweta udzu, malo opachika ming'oma, ndi kuti nthambi zotsala podula zikhala za midzi iti. Unene kuti njira zakale, akasupe ndi manda anthu azifikako nthawi iliyonse popanda kupempha kwa mlonda. Unenenso zimene mudzi ukulonjeza: kusalowa ndi nkhwangwa, kusayatsa moto, kuthandiza kulambula njira zotchinga moto, ndi kulanga wophwanya pabwalo la mfumu. Ngati mwini akuopa kuti pepalalo lidzasanduka umboni wolandira malo, mulembedwe momveka kuti mgwirizanowu sukukhudza umwini wa nthaka mbali zonse ziwiri, ndipo nkhani ya malo idzayenda m'njira yakeyake. Asaine mwini, mafumu, komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ndi nthumwi za amayi, a DC ndi a zankhalango akhale mboni, ndipo bwana akasintha pepala likhalebe.

Mbali imene sitidzagonjerapo ndi ya alonda. Munthu wogwidwa apite kwa mfumu kapena kupolisi monga mwa lamulo. Kumenya, kuvula, kulanda ziwiya, kapena kuuza mayi kuti agone ndi mlonda kuti amusiye adutse ndi mtolo, imeneyo ndi milandu, ndipo mgwirizano utchule munthu ndi malo kumene wochitiridwa zotere angakanene mosaopa. Maesiteti ambiri a tiyi amagulitsa kunja ndi zizindikiro za mabungwe monga Rainforest Alliance ndi Fairtrade, zimene zimafuna kuti kampani ikhale ndi njira yolandirira madandaulo ndi kulemekeza anthu oizungulira. Oyendera a mabungwe amenewa amabwera. Nthawi zambiri amaonetsedwa sukulu ndi mjigo n'kubwerera. Palibe choletsa kalabu kulemba kalata yake n'kupempha kuti ionane nawo.

Kwabweranso nkhani ya ndalama za kaboni, zoti mwini mitengo azilipidwa ndi makampani akunja chifukwa mitengo yake ikuyamwa mpweya woipa. Kwa mwini nkhalango ichi n'chifukwa china chatsopano chotsekera chipata, popeza tsopano mtengo ukumubweretsera ndalama uli chiimire. Aliyense wobwera ndi mapepala otere m'mudzi mwanu mufunseni kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, ndalama zidzafika kwa yani, ndipo kodi nkhuni, udzu ndi bowa mudzatengabe. Musasaine tsiku lomwelo. Bweretsani pepalalo ku ofesi ya bungwe tiliwerengere limodzi.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 600 m'dziko muno ndipo ena oposa 500 sanapezeke, ambiri m'maboma a Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Mvula yochuluka chotero ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo, tisanamizane. Koma aliyense anaona kuti madzi ndi matope sizinafunse kuti malire a esiteti ali pati kapena munda uwu ndi wa yani. Madzi saiwala khwawa. Mwini mitengo ya kumtunda akaganiza zodula phiri lonse nthawi imodzi, a kumunsi ayenera kudziwitsidwa ndi kufunsidwa, ndipo zimenezinso zilowe mu mgwirizano.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo ndi nthawi imene eni maesiteti, a khonsolo ndi andale amakonda kubwera kumidzi ndi mbande ndi makamera. Tifike nyengo imeneyo tili ndi zathu m'manja. Kalabu iliyonse ikhale pansi ndi mfumu yake ndi amayi otola nkhuni, ijambule papepala lalikulu nkhalango zonse za eni zimene zazungulira mudzi, dzina la mwini ngati likudziwika, njira, akasupe, manda, ndi zimene anthu amatengamo mwezi ndi mwezi. Mulembenso amene anagwidwapo m'zaka ziwiri zapitazi ndi zimene anachitidwa, popanda kutchula maina ngati eni ake sakufuna. Mapepalawo apite kwa alembi a m'madera msonkhano wa ADC usanachitike, ndipo ife tidzawasonkhanitsa kuti tikayambe ndi eni nkhalango awiri kapena atatu amene aonetsa kale mtima wofuna kukambirana.

 Mafunso tiyambire kwa amayi akhala kumbuyoko.